Yureya pa Chikopa cha Ng'oma

Sindikhalitsa malo amodzi. Ndinabadwira ku Kawale, koma amene anandilera ndi madepoti a basi. Katundu wanga amakwana m'chikwama chimodzi: mahedifoni, mamemori khadi, machaja. Ndimapita kumene kuli anthu oima. Nthawi ya okushoni ndimatsata alimi a fodya. Ikafika nyengo ya makuponi ndimatsata mizere ya feteleza. Munthu wa pamzere sathawa. Amatopa, amayasamula, kenako amayamba kufunsa za chinthu chimene sanabwerere.

Chaka chimenecho ndinatsikira ku Kaomba. Mwezi wa Okutobala. Dzuwa la ku Kasungu lilibe chibale. Minda inali italimidwa kale, ikungodikira mvula. Zigafa zoumitsira fodya zinali pululu. Chobiriwira chinali nazale zokha, kudambo.

Ndinayala nsalu yanga pansi pa mtengo wa mango, moyang'anana ndi mzere. Malonda ankayenda mwaulesi. Anthu ankavala mahedifoni, kugwedeza mutu, kubweza. Chakumasana kunabwera mayi wina akukankha njinga. Pakaliyala panali thumba la feteleza wa yureya longoomboledwa kumene. Anaimika njinga ija nanjuta pambali pa nsalu yanga.

"Achimwene, mwa zovala kumakutu zanuzi, zimene zimagunda kwambiri ndi ziti? Kugunda kwa pansi, ngati ng'oma."

Ndinawauza kuti kugunda kumeneko timati besi, ndipo anga onse besi yake ndi yoopsa. Ndimatero kwa aliyense.

"Onse sangakhale oyamba," anatero mayiwo. "Ngakhale fodya wa munda umodzi amasiyana."

Dzina lawo anali a Malita. Anandifotokozera nkhani yonse osathamanga. Amuna awo, a Lucious, anagwira ntchito pachigayo zaka zambiri, ndipo chigayocho chinawadya makutu pang'onopang'ono. Bingu amalimva. Lole ikamadutsa amaimva. Koma mawu a munthu, pokhapokha uwakuwire pakhutu. Ngakhale zili choncho, ndiwo amaimba ng'oma yayikulu ya chimtali cha amayi a m'mudzimo. Nyimbo zakale zili m'manja mwawo. Amangoyang'ana mapazi a ovina, manja n'kumapita okha.

Vuto linali nyimbo yatsopano. Mwana wawo womaliza, Lonjezo, ankakwatiwa Loweruka likubweralo. Akuchimuna, a ku Chisemphere, anatumiza nyimbo yawo pa memori khadi kuti magulu awiriwo adzavinire pamodzi. Nyimboyo ili ndi podukiza pake: ng'oma imaima mwadzidzidzi, kenako n'kumenya mwapadera, amayi n'kutembenuka. Woimba ng'oma akaphonya pamenepo, gule yense amagwa, alendo n'kukaseka kwawo chaka chonse. Kasipika ka foni a Lucious sankakamva n'komwe. Ndiye a Anesi, mtsogoleri wa gule, anali atagamula. Tsiku limenelo, dzuwa likapendeka, kunali kuyeserera komaliza. A Lucious akapanda kuidziwa nyimboyo, ng'oma ipita kwa a Zakeyo, mchimwene wawo wa a Malita.

"Maukwati a mudzi wonse anaimba ndi iwo," anatero a Malita. "Wa mwana wawo adzangokhala pampando, manja pamaondo?"

Ndinafunsa chifukwa chimene a Zakeyo sangangowaonetsa alamu awo mmene manja akuyendera. Mayiwo anaseka mpaka kugwira chiwongolero cha njinga. Anati a Zakeyo akhala akuifuna ng'omayo kuyambira kale. Amaphunzirira m'chigafa chawo atatembenukira kukhoma. Akaona alamu awo akubwera, amakhalira manja.

A Malita anandipempha kuti tipitire limodzi kumudzi. Lole yopita kuboma inali isanaoneke. Ndiponso ine msewu umene sindinaupondepo sindiukana. Ndinapinda nsalu. Njinga ndinakankha ndine.

Tinawapeza a Lucious m'chigafa chawo, pamthunzi, akuika mpini pa khasu. Munthu wamtali, woonda, wa zikhatho zazikulu ngati mbale. Anandipatsa moni mokweza, monga amachitira anthu osamva. Ng'oma inali panja, chikopa chitayang'ana dzuwa kuti chikungike. A Malita anawakuwira pakhutu za ine. Iwo anayang'ana chikwama changa mokayika, koma anasendeza chitsa kuti ndikhalepo.

Mbiri m'mudzi imathamanga kuposa njinga. Tisanamwe n'komwe madzi, a Anesi anafika. Mayi wamfupi, wolankhula kamodzi. Foni yoimbira nyimboyo inali yawo, ndipo anaimasula pamfundo ya chitenje ngati dzira. Anachenjeza kuti moto watsala pang'ono, ndipo kotchajitsa n'kutali. Pambuyo pawo panabwera a Zakeyo, chipewa chopendeka, akumwetulira.

"Alamu, mwaitanitsa makutu ku Lilongwe?" anakuwa a Zakeyo.

"Ndamva, ndamva," anayankha a Lucious. "Zachabe zokha ndiye ndimazimva bwino."

Ndinatulutsa mitundu itatu imene ndinali nayo, ya makapu akulu ophimba khutu lonse. Agolide, onyezimira. Ofiira, olemera, okhala ndi chithunzi cha mkango. Ndi akuda, osakongola, amene kwa ine ankangodzaza chikwama.

Ndinkayembekeza kuti wina awavala. Ayi. Anthu a fodya sayamba choncho. A Zakeyo anapempha mphasa. Anawayala mahedifoni aja ngati masamba a fodya pa tsiku losankha. Ananyamula amodzi amodzi, kuwayeza m'manja, kuwaunika kudzuwa, kukoka chingwe pang'ono kuti aone kulimba. Agolide anawanunkhiza. Kenako anawaika motsogozana. Agolide kumutu kwa mphasa, giredi yoyamba. Ofiira pakati. Akuda anawakankhira kumapazi ndi chala, nati amenewo ndi zinyenyeswa, zosesa pansi pa chigafa, zimene munthu amabisa pakati pa belo.

A Malita anawakumbutsa kuti chikufunika si mtundu koma kugunda. Tinalumikiza foni. A Anesi anamvera onse atatu nasankha ofiira. A Zakeyo anamvera nakakamira agolide. A Malita anati pofika pa achitatu anali ataiwala oyamba. Anandifunsa ine. Ndinanena zoona: m'tauni sitiyeza, timangokweza mpaka mapeto n'kuyang'ana nkhope ya wogula. Mkangano unakula. Aliyense ankafuna kumveranso. A Anesi anayang'ana foni yawo naiphimba ndi dzanja. Anati makutu a anthu atatu atha moto wa foni imodzi popanda chogwirika.

A Malita anayang'ana thumba la yureya lija. Kenako ananena kuti nthawi imene amuna awo anali pachigayo, iwo akapita ndi chakudya ankaona chimanga chikuvina chokha pa lichero injini ikalira. Injini ikakhala yamphamvu, chimanga chinkadumpha kwambiri. Maso samakangana ngati makutu. Analowa m'nyumba nabwera ndi kapepala ka pulasitiki ka shuga, mphira wa njinga, ndi singano yosokera masaka.

A Lucious ataona singanoyo ikulunjika thumba, anaimirira.

"Amake Lonjezo, thumba la kuponi silitsegulidwa mvula isanagwe. Mwagona pamzere chifukwa cha masewera?"

"Ndi kauzitsine chabe," anakuwa a Malita. "Ndibweza."

"Kambewu kalikonse pamenepo ndi chisononkho cha chimanga."

Anadandaula, koma anakhalanso pansi. A Malita anaboola pangodya, natapa timibulu toyera pachikhatho, nasoka pomwepo. Ine ndinagoneka kapu ya agolide chagada pa mphasa. Tinakunga pulasitiki pamwamba pake, kumanga ndi mphira, kuwaza yureya. Mitu isanu inaweramira pamodzi. A Anesi anatsegula nyimbo.

Timibulu tinanjenjemera. Basi. Ngati munthu wamva kuzizira pang'ono. A Zakeyo anati tawaza tambiri. Tinachotsako. Totsalato tinanjenjemeranso chimodzimodzi. Anati mphira wamangidwa molakwika. A Anesi anawauza kuti fodya wawo wabwezedwa ku okushoni, akhale chete.

Pa ofiira zinasintha. Nyimbo itangoyamba, yureya anabalalika. Timibulu tinkathamanga uku ndi uku, kugundana, kugwera pa mphasa. Pulasitiki inkalira yokha. Nkhuku zinathamangira, a Malita n'kuzipirikitsa ndi chitenje kuopa zingatole n'kufa. Pasanathe nthawi, pakapu panalibe kanthu. Ine ndemwe ndinadabwa. Katundu ndinkamunyamula tsiku ndi tsiku, koma mphamvu yake ndinaionera pa mphasa ya ku Kaomba.

Akuda tinawayesa pongofuna kumaliza. Timibulu tinadumpha pang'ono, n'kutera, n'kudikira. Kudumphanso, kutera. Palibe kamene kanagwa pansi. A Zakeyo anati zinyenyeswa zaposa giredi yawo yoyamba, koma zilibe kanthu, wapambana ndi mkango. Onse tinavomereza. Nkhani inaoneka yatha.

A Malita anapukuta ofiira aja ndi nsonga ya chitenje nawaveka amuna awo. Anawakonza bwino kuti aphimbe makutu. A Anesi anakweza foni mpaka mapeto. A Lucious anatsinzina. Tonse tinayang'ana zala zawo, zimene zinali pamaondo. Tinkadikira kuti ziyambe kuyenda.

Sizinayende. Nkhope yawo inakwinyika. Anapirira mpaka pakati pa nyimbo, kenako anavula pang'onopang'ono nawaika pa mphasa.

"Ichi ndi chigayo," anatero. "Chikungouluma. Ndikumva kuti chilipo, koma poyambira ndi pothera sindikupaona."

Kunja amayi a gule anali atayamba kufika, awiri awiri, akukhala pamthunzi wa nkhokwe. A Malita anatola mahedifoni aja nawayang'ana mkati, ngati muli chimene chingakonzedwe. A Anesi anazimitsa nyimbo nayamba kumanga foni pachitenje. Analankhula mofatsa, osakuwa, podziwa kuti mwini nkhani sakumva. Anati ayesetsa. Anati Lonjezo ndi mwana wa onse, ndipo gule sangagwe pamaso pa alendo chifukwa cha chisoni.

Ndinayang'ana a Zakeyo. Ndinkaganiza kuti aseka. Sanaseke. Anavula chipewa, kuchiyang'ana, kuchivalanso. Kenako anayamba kupita kumene kunali ng'oma, koma mwa kayendedwe ka munthu wotumidwa.

"Alamu, isiyeni kaye," anatero a Lucious. Anatembenukira kwa ine. "Achimwene, bweretsani akuda aja. Ndi feteleza yemwe."

Ndinawauza ndi manja kuti akuda ndi ofooka, ofiira ndiwo amphamvu. Anapukusa mutu. Anati pamene ife tinkaona amene akutaya kwambiri, iwo ankaona zina. Pa ofiira timibulu tinkathawa ngati anthu pa msika wogwa mvula. Pa akuda tinkaponda ngati mapazi. Ndipo mapazi ndi amene iwo amawerenga.

Anakatenga ng'oma okha naiimika m'chigafa. Chikopa chinali chotentha, chokungika bwino. Anati kapulasitiki kaja n'kakang'ono, maso awo sangakatsate. Anatenga kapu imodzi ya akuda naivundikira pa chikopa, chakumphepete. A Malita anaigwirizira ndi zala ziwiri. Pakati pa chikopa a Lucious anawaza yureya amene tinatola pa mphasa. Dzanja lamanzere analigoneka pa chikopacho mopepuka, nsonga za zala zokha.

A Anesi anazengereza. Anati foni yayamba kale kuchenjeza. A Malita anangowayang'ana. A Anesi anamasula mfundo.

Ife sitinkamva kanthu, kupatula kulira kwapansipansi kochokera m'mimba mwa ng'oma. Koma timibulu tinadzuka. Tinadumpha tonse pamodzi, n'kutera pamodzi. Kwakukulu, kwakung'ono, kwakung'ono, kwakukulu. A Lucious anaweramira pafupi mpaka mpweya wawo unkasuntha tina. Chala chawo chapakati chinayamba kugogoda m'mphepete mwa ng'oma. Poyamba mochedwa. Kenako chinagwirizana ndi timibulu.

Mwadzidzidzi timibulu tonse tinagona. Chikopa chinakhala bata. Kenako tinadumpha mwamphamvu, mofulumira, n'kubwerera m'mayendedwe akale.

A Lucious anadzutsa mutu.

"Pamenepa ndi pamene mwakhala mukundinong'onezana?"

A Anesi anavomera ndi mutu.

"Bwezani."

Anabweza. Timibulu tinayambanso ulendo wawo. A Lucious tsopano ankatsata ndi phewa lomwe. Tinayandikira podukiza paja. Timibulu tinagona. Ife tinadikira kuti tidzukenso. Sitinadzuke. A Anesi anatembenuza foni. Inali yakuda bii.

A Lucious sanafunse. Anaona nkhope zathu. Anasesa yureya ndi mphepete ya dzanja, mosamala, kumuthira pachikhatho cha akazi awo, nawauza kuti akabweze m'thumba monga analonjezera. Kenako ananyamula ng'oma kupita nayo pabwalo.

Amayi anaimirira, kumanga zitenje m'chiuno, kupanga bwalo. Ine ndinatsamira mzati wa chigafa, chikwama chili pakati pa miyendo. Kutali ndinamva lole ikudutsa pamsewu. Mwina inali yanga. Ndinaisiya ipite.

A Anesi anayambitsa nyimbo, amayi n'kuvomera. A Lucious anayang'ana mapazi nalowa. Ng'oma yeniyeni ndi ina, abale. Inandigunda pachifuwa, pansi n'kumanjenjemera m'nsapato zanga. Palibe hedifoni m'chikwama changa imene ikanafika pamenepo. Fumbi linakwera. Amayi anazungulira, ziuno zikuyankha. A Malita sanavine. Anaima pambali, dzanja lofumbata yureya lili pachifuwa.

Podukiza panafika. A Lucious anaima pamalo pake penipeni. Bwalo lonse linaima nawo. Kenako anamenya katatu.

Theka la amayi linatembenuka, theka linatsala. Awiri anagundana mapewa. Wina anaseka, kenako anadzigwira pakamwa. A Anesi anakweza dzanja, nyimbo n'kuzima. Anati kuima kuli bwino, koma kumenyako sikumeneko. Anayesa kufotokoza pakhutu pa a Lucious, koma a Anesi ndi wovina, ng'oma amaidziwira m'chiuno, osati m'manja. Zimene ankanena sizinkamveka. A Lucious anayesanso. Katatu kachiwiri. Anali atapaona kamodzi kokha, ndipo timibulu sitinena dzanja limene lamenya.

A Anesi anapuma mozama natembenuka kufunafuna a Zakeyo. Sanafunike kuwaitana. A Zakeyo anali akubwera kale, akudutsa pakati pa bwalo, nkhope itakwinyika ngati munthu amene wamva mbale ikusweka. Sanapite kumbuyo kwa ng'oma. Anaima kutsogolo kwake, maso ndi maso ndi alamu awo. Anakwinya manja a malaya. Anatambasula manja awo poyera, pamaso pa mudzi wonse.

"Alamu, mukundipweteka m'makutu. Onani kuno. Kawiri kumanzere. Lamanja limangotseka pakamwa pa ng'oma, silimenya."

Anaonetsa pa ntchafu zawo. Kawiri, n'kutseka. Anabwereza pang'onopang'ono. A Lucious anayang'anitsitsa, nayesa pa chikopa. Kawiri, n'kutseka. Kulira kwachitatu kunamveka kofupika, ngati mawu omezedwa. Amayi angapo anavomereza pamodzi kuti ndi komweko.

"Mwaulula chuma chanu, alamu," anatero a Lucious.

"Mwana ndi wa mlongo wanga," anakuwa a Zakeyo. "Mukalakwitsa, a ku Chisemphere adzaseka mbumba yanga, osati yanu."

A Anesi anayambitsanso. Ulendo uno a Zakeyo anatsala pomwepo, pambali pang'ono, manja ali okonzeka. Sanafunike. Podukiza panafika, ng'oma inaima, inamenya kawiri n'kutseka, ndipo amayi onse anatembenuka ngati chitseko chimodzi. Nthungululu inachokera kwa a Malita. Anali atathamangira kuthumba kukabweza yureya, ndipo analowa m'bwalo akupukuta manja. Anazungulira nyimbo yonse, kuibwereza, kuibwerezanso. A Lucious sanaphonye. Pena ankaonjezera tokometsera tawo pakati, a Zakeyo n'kumapukusa mutu kuti zimenezo pa khadi palibe.

Popuma, a Malita anabwera kwa ine. Anatenga akuda. Anati foni ikatchajidwa mawa, abambo adzakhala nawo pa ng'oma mpaka nyimboyo ilowe m'mafupa. Pa mtengo wake sitinakangane. A Zakeyo anafunsa ngati agolide angawagwire ntchito yomvera wailesi. Ndinati pa wailesi ndi abwino zedi, ndipo pamenepo sindinaname. Anawakoleka m'khosi pomwepo, opanda cholumikiza, nayamba kuuza a Anesi kuti ng'oma yaying'ono nayonso imafuna munthu wodziwa.

A Malita anandipatsa thobwa m'kapu ya pulasitiki. Linali lozizira, la m'mtsuko. Dzuwa linali litafewa, mithunzi ya zigafa itatalika pabwalo. Mayi wina anandikoka dzanja kuti aone ngati a m'tauni ali ndi chiuno. Ndinalowa. Anaona kuti alibe. Anaseka mpaka wina kukhala pansi, ine n'kumapitirizabe.

A Anesi sanaseke nawo. Anapita kwa a Lucious, amene ankapukuta thukuta ndi chipewa. Anaweramira pakhutu pawo, nakuwa kuti bwalo lonse limve.

"Loweruka mukatuluka m'tchalitchi, zithunzi zikangotha, jekete muvule. Sitidzakudikirani."